Njere za Duwa Lakuda

Pepala lalikulu limene Rudaina ankajambulapo linali litadzaza paliponse kupatula ngodya imodzi ya kumunsi. Duwa lakuthengo lotchedwa sawsan wakuda linalipo, lomasula ndi losamasula lomwe, masamba ake opindika ngati zikwakwa, mizu yake yonenepa. Chimene chinkasowa chinali chipatso chake, kathumba kouma kamene kamasunga njere. Malinga ngati ngodya imeneyo inali yoyera, Rudaina sakanakwatiwa.

Ndi mmene anapanganirana ndi bambo ake, Abu Sakher. Chaka chapitacho Abu Sakher analonjeza mng'ono wake, pamaso pa amuna a m'banja, kuti Rudaina adzakwatiwa ndi Qusai, mwana wa mng'ono wakeyo. Kuno m'tauni ya Madaba zotere sizidabwitsa munthu. Mwana wa m'bale wa bambo ako ndiye amayamba kupatsidwa mpata. Rudaina sanakane, popeza bambo sakanidwa pagulu. Anangopempha kuti ayambe wamaliza chithunzi cha duwalo, moyo wake wonse, kuchokera ku muzu mpaka ku njere. Abu Sakher anaganiza kuti ndi ntchito ya masabata ochepa ndipo anavomera.

Sankadziwa kuti duwali limamasula kamodzi pachaka, m'mapiri a miyala a kumwera, ndiponso kuti zipatso zake mbuzi zimadya zisanakhwime. Rudaina ankadziwa. Mumtima mwake ankazidalitsa mbuzizo.

* * *

Loweruka lililonse ankaphunzitsa kujambula zomera ndi utoto wamadzi m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya zokometsera zakudya. Ophunzira ake anali amayi opuma pantchito, ndi mwamuna mmodzi yekha, Haitham, mwini sitolo ya mankhwala, amene aliyense ankangomuitana kuti Adokotala. Mkazi wake anamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Ankakhala pafupi ndi windo, ankafika asanafike ena, ndipo ankatsuka maburashi a anthu onse popanda womutuma.

"Adokotala, ichi n'chiyani?" anafunsa Rudaina atanyamula kachubu pa tebulo lake.

"Utoto wakuda, Aphunzitsi. Duwa limene tikukajambulalo amati ndi lakuda."

"Amatero ndi amene amaliona ali m'galimoto."

"Musawakalipire," anatero Umm Laith, mayi wamkulu mwa ophunzira onse, osadzutsa mutu pa pepala lake. "Munthu amene amakhalira kuwerenga zolemba za madokotala tsiku lonse maso anatha kalekale."

Onse anaseka, Haitham nayenso. Rudaina anakhala pa mpando wa pambali pake n'kunyowetsa burashi. Anapaka pa kapepala utoto wofiirira wopyapyala, wamadzimadzi, moti pepala linkaonekera kunsi. Anadikira kuti uume. Pamwamba pake anapakapo wofiira ngati njere za makangaza, n'kudikiranso. Kenako wabuluu. Mdimawo unkabwera pang'onopang'ono, ndipo ukaupendeketsera ku windo mitundu yonse itatu inkaoneka ili moyo m'kati mwake.

"Mukapaka wakuda, duwa lafa," anatero. "Ndipo apa, pamene pakuwala, musakhudzepo. Kuyera si kwa utoto, ndi kwa pepala. Mukakuphimba sikubwereranso."

Haitham anayang'ana kapepalako nthawi yaitali. Kenako maso ake anapita ku pepala lalikulu limene linali pa thabwa kukhoma.

"Nanga ngodya ijayi? Kumeneko n'kuwalanso?"

"Pamenepo ndi pa chipatso. Sindinachionepo chitakhwima. Mbuzi zimandiyambirira."

"M'mabuku mulibe?"

"Muli. Koma sindijambula chimene sindinachione ndi maso anga, n'kuchiyeza, n'kuchitembenuza m'manja. Wina adzabwera kudzaphunzira duwali pa pepala limeneli ife kulibe. Sindingamunamize."

Haitham anagwedeza mutu ngati munthu amene walandira kalata ya mankhwala ndipo waimvetsa. Rudaina anafuna kuwonjezera mawu ena, koma anangodzuka. Za lonjezo la bambo ake zinali za m'banja. Komanso kumuuza mwamuna ameneyu kukanakhala ngati kunena kuti ndifunsireni msanga, ndipo mkazi satero.

* * *

M'mwezi wa Epulo anawatenga ophunzira ake kupita kumapiri a ku Dhiban, m'mamawa kusanafunde. Qusai anaumirira kuti awanyamule pa galimoto lake.

"Mwana wa m'banja mwathu sangapite kuthengo ndi amuna achilendo," anatero akutsegula zitseko.

"Amuna ake ati?" anafunsa Umm Laith akukwera movutikira. "Adokotalawa? Awa ndi mnzathu. Amatitsukira maburashi."

Maluwawo anawapeza pakati pa miyala yoyera, pamtunda pa msewu, timagulu apa ndi apo. Dzuwa linali lisanatuluke kuseri kwa phiri ndipo ankaoneka akuda bii, ngati tinsalu ta maliro timene wina waiwala pa udzu. Rudaina anagwada pa limodzi n'kutukula tsamba la duwa ndi chogwirira cha burashi.

"Bwerani mmodzimmodzi. Musalankhule."

Amayi anaona, aliyense n'kubwerera atagwira pakamwa. Haitham anali womaliza. Anagwada pambali pake n'kusuzumira. Pansi pa tsambalo panali kamphanga, ndipo m'kamphangamo munali njuchi ziwiri zazing'ono zotuwa, za nyanga zazitali, zitapanikizana. Zinali m'tulo.

"Duwali lilibe timadzi totsekemera," ananong'ona Rudaina. "Silizipatsa chakudya. Limangozipatsa pogona. Dzuwa likatuluka, mdima wakewu umagwira kutentha msanga kuposa miyala. Njuchi zimadzuka zitafundidwa, zili mungu thupi lonse, ndipo madzulo zikagona m'duwa lina."

Asanamalize, dzuwa linafika. Linayamba ndi miyala ya pamwamba, n'kutsika, n'kukhudza duwalo kuchokera kumbuyo. Chimene chinali chakuda chinasanduka chofiira chozama, ndipo timitsempha tosawerengeka tinaonekera m'masamba ake, tofiirira, tina tabuluu. Phiri lonse linachita chimodzimodzi, gulu ndi gulu, ngati wina akuyenda akuyatsa nyale. Njuchi imodzi inagwedeza nyanga. Inatuluka chafutambuyo, inapukuta kumaso ndi miyendo yakutsogolo, inaima pang'ono pamphepete pa tsamba, n'kuuluka.

"Mulungu ndi wamkulu," anatero Haitham motsitsa mawu. "Msewu uwo ndakhala ndikudutsa moyo wanga wonse."

Rudaina anali ataziona zimenezi kambirimbiri, koma sanazionepo ali ndi munthu amene anagwira mpweya pamodzi naye. Anazindikira kuti mitu yawo yayandikana kwambiri. Palibe anasuntha.

"Adokotala, odwala atha m'tauni?" Anali Qusai, ataima pamwamba pawo, makiyi akulira m'manja. "Bambo wamkulu kugwadira udzu."

"Bondo ndi langa, Qusai," anayankha Haitham akudzuka n'kusasa fumbi. "Likapweteka, mankhwala ndili nawo."

Qusai anamukokera Rudaina pambali, kumene ena sakanamva, n'kumuonetsa foni.

"Taona, msuweni. Chipatso chako ndi ichi, ndachipeza. Jambula chimenechi timalize. Amayi anga anagula kale golide wa ukwati, akungotopa ndi kumupukuta."

"Foni sinena kuti n'chachikulu bwanji, kapena kuti kuseri kwake kuli chiyani."

"Ndani akaone kuseri? Ndi pepala."

"Ine."

Qusai anaika foni m'thumba. Anayang'ana kumene kunali Haitham, amene anatsalira m'mbuyo akuyang'anayang'ana malowo ngati akuwaloweza pamtima.

"Kaya ndi duwa lokha limene likukuchedwetsa," anatero, n'kupita kukaliza injini.

* * *

Maluwa anafota, kutentha kunafika, ndipo maphunziro anatsekedwa mpaka nyengo yozizira. Tsiku lina masana, chakumayambiriro kwa Juni, Abu Sakher anaitana kuchokera m'chipinda cha alendo kuti Rudaina abweretse tiyi. Atalowa ndi thireyi, anapeza Haitham atakhala kumphepete kwa mpando, nkhope itapsa ndi dzuwa, kabokosi ka mankhwala kali pa mawondo.

"Sindikanafuna kupereka kanthu kwa mwana wanu kuseri, Abu Sakher," ankatero. "N'chifukwa chake ndadzera pakhomo. Chidutse m'manja mwanu."

Anafotokoza mwachidule, maso ali pa kapeti. Atachoka kumapiri kuja anabwererako yekha ndi waya, n'kumanga timipanda ta miyala kuzungulira maluwa angapo amene njuchi zinagonamo. Ankapitako Lachisanu akatuluka ku mapemphero, kukakonza pamene mbuzi zagumula. Oweta mbuzi ankamuseka kuti akuweta udzu. M'mawa umenewo atapitakonso anapeza chipatso chimodzi chayamba kung'ambika, ndipo anaona kuti sichingadikire.

"Njerezo akamaliza nazo ndikazibwezera pomwe ndazitenga," anamaliza motero.

Abu Sakher anatsegula kabokosiko, anasuzumiramo mosamvetsa, n'kukapereka kwa mwana wake. Rudaina anaika thireyi pansi.

Pa thonje panali kathumba kotalika ngati chala chachikulu, ka mbali zitatu, kamtundu wa khungu la buledi, kosongoka ku mapeto. Anakaika pachikhatho. Kaya chinali chifukwa cha kutentha kwa dzanja, kaya nthawi yake inangokwana, kanachita kaphokoso kakang'ono n'kung'ambika mpaka pansi. M'kati munali njere zofiirira zamakwinya, zitandandalikana m'mizere ngati anthu pa mapemphero, ndipo iliyonse inali ndi kamkanda koyera kumutu. Zimenezi anali atangoziwerenga, kuti nyerere zimakonda kamkandako ndipo zimanyamula njere yonse kupita nayo pansi pa nthaka, kumene imakagona zaka isanamere. Sankayembekezera kuti kangakhale koyera chonchi. Kwa kanthawi anaiwala kuti m'chipindamo muli anthu.

"Ichi ndicho chinatsala chija?" anafunsa bambo ake.

Rudaina anadzutsa mutu. Apa m'pamene anakumbukira za ukwati uja.

"Eya, Ababa."

"Palibenso china? Tsamba lina? Mbuzi imene imadyayo sukufuna kuijambulanso?"

"Palibe."

Abu Sakher anawomba m'manja kamodzi n'kutembenukira kwa mlendo wake, nkhope yonse ikuwala.

"Adokotala, Mulungu akudalitseni manja amenewo. Simukudziwa chimene mwandichitira. Mwana uyu ndinamulonjeza kwa mwana wa mng'ono wanga, ndipo chaka chonse tadikira kachinthu aka. Ndimachita manyazi kukumana ndi m'bale wanga pamsika. Tsiku la ukwati mudzakhale kutsogolo, mutu wa nkhosa pa mansaf, mpunga wa nyama wa paphwando, udzakhale pamaso panu."

Haitham anali atanyamula tambula ya tiyi. Anaibwezera pa thireyi mosamala, osamwako. Anathokoza Abu Sakher, anafunsa za umoyo wawo, anawakumbutsa za mapiritsi a shuga, n'kutsanzika. Rudaina sanamuyang'ane. Anangomva kuti pachitseko anavutika kupeza nsapato yachiwiri.

* * *

Uthenga wa Haitham unafika pa foni dzuwa lisanalowe.

"Sindinadziwe."

"Ndikudziwa," anayankha Rudaina.

"Nenani kuti ndalakwitsa. Nenani kuti n'chipatso cha duwa lina. Ndikavomera pamaso pa bambo anu, andiseke."

"Ndi chake. Inu ndi ine tikudziwa."

"Ndiye chichedwetseni. Munatiphunzitsa nokha kuti utoto uliwonse uzidikira unzake."

"Chikuuma, Adokotala. Mawa mtundu ukhala wina, mkuja winanso. Ndayamba kale kuyeza."

Rudaina anaona pa foni kuti Haitham akulemba, kenako wasiya, kenako akulembanso.

"Pepani pofunsa chimene si changa. Mukufuna kukwatiwa ndi Qusai?"

Analemba yankho lalitali n'kulifufuta. Analemba lina n'kulifufutanso. Pomaliza anatumiza ili:

"Munthu wofuna kukwatiwa sapempherera mbuzi."

Yankho la Haitham linafika.

"Chikhalireni ndekha ndinazolowera kuganiza kuti zinthu zokongola n'zongoyang'ana. Ndinachedwa. Ndikupita kwa akuluakulu a kwathu tsopano lino."

* * *

Umm Laith anabwera m'mawa mwake atanyamula mbale ya masamba a mphesa okulungamo mpunga, ngati kuti akungodutsa. Nkhani anali ataimva kale; ku Madaba nkhani siigona panjira. Anapeza Rudaina pa windo, galasi lokulitsira zinthu lili m'dzanja lamanzere, burashi ya nsonga ngati singano m'dzanja lamanja. Kathumbako kanali katayamba kuoneka pa ngodya ija, kotuwa kaye, ndipo pa mutu wa njere iliyonse panasiyidwa kadontho ka pepala loyera.

"Amuna," anatero Umm Laith akukhala. "Wina akufuna kukukwatira osakuona. Wina akukuona, n'kukupereka kwa mnzake atakukulunga m'thonje."

Rudaina anaseka osafuna.

"Tamvera, mwana wanga. Ndithire tiyi. Ndiimirira apa kuti ndione bwino. Dzanja langa limanjenjemera kale, tauni yonse ikudziwa. Tambula imodzi yokha itayikire pa pepalali, ndipo uyambiranso chaka chamawa maluwa akamasula. Bambo ako andikalipire ine."

Rudaina anayang'ana pepalalo. Anayang'ana duwa lomasula limene analipaka kangapo konse mpaka mdima wake unazama, timitsempha timene anatitsata kamodzikamodzi mpweya ataugwira. Chaka china chinali pomwepo, pafupi ngati thipoti. Anaika burashi pansi. Kenako anaitolanso.

"Ayi, Umm Laith. Ndabisala kuseri kwa duwali chaka chonse. Silinalakwe kanthu."

"Ndiye ubisala kuti?"

"Sindikudziwa."

Umm Laith anasendera pafupi, manja atawaika kumbuyo, n'kusuzumira pa galasi.

"Zonsezi zili m'kanthu kamene mbuzi imameza osatafuna," anatero pomaliza. "Jambula, mwana wanga. Tiyi ndikamwera kukhitchini."

* * *

Anamaliza Lachitatu masana. Analemba dzina la duwa kumunsi ndi pensulo, ndi malo amene linamera, n'kuitana bambo ake kuti adzaone.

Abu Sakher analowa pang'onopang'ono. Sankaoneka ngati munthu amene ankawomba m'manja masiku apitawo. Anavala magalasi n'kuima patsogolo pa pepalalo. Anayamba ndi mizu, anakwera ndi masamba, anakhalitsa pa duwa, n'kutsikira ku njere.

"Ndinakulira m'mapiri amenewa ndikuweta," anatero. "Ndinkaliponda."

Anavula magalasi n'kukhala pa mpando wa mwana wake.

"Dzulo anandiimbira mkulu wa banja la a Haitham. Akupempha kubwera ndi amuna awo Lachisanu, kudzakupempha. Mng'ono wanga anapempha kale Lachisanu lomwelo. Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa kuti aimba."

"Ndipo chaka chonsechi sunathe kundiuza, ine bambo ako? Unasankha kunditumiza kwa mbuzi?"

"Munali mutalankhula kale pamaso pa anthu, Ababa."

Abu Sakher anapukuta kumaso ndi manja onse awiri.

"Ukudziwa mmene zimakhalira. Alendo akakhala, timawathirira khofi. Mkulu wawo amaika kapu pansi osamwa, mpaka mwini nyumba atanena kuti imwani, chimene mwadzera mwapatsidwa. Sipangakhale makapu awiri pansi m'nyumba muno. Ndikati imwani kwa mlendo, m'bale wanga sadzapondanso pakhomo pano, ndipo mawu anga m'tauni muno adzakhala ngati fumbi."

"Ndiye mwawakana."

"Sindinawakane. Ndawauza kuti adikire." Anamuyang'ana, ndipo m'maso mwake munalibe ukali. "Adokotala ndi munthu wabwino. Anadzera pakhomo. Koma mawu ndinapereka, si anganso. Amene angandimasule ndi mmodzi yekha, Qusai, atanena ndi pakamwa pake pamaso pa amuna a m'banja kuti wakusiya."

"Qusai akudziwa?"

"Ndinauza bambo ake m'mawa uno. Sindikanabisa."

Abu Sakher anadzuka, anayang'ananso pepalalo kamodzi, n'kutuluka atasiya chitseko chotsegula.

Rudaina anatsuka burashi ngakhale inali yotsuka kale. Foni inanjenjemera pa tebulo. Anali Haitham.

"Msuweni wanu ali m'sitolo muno. Wadikira mpaka wogula womaliza watuluka. Akuti nditseke chitseko, pali zoti tikambirane awiri."

"Musatseke," analemba Rudaina. "Kambiranani chitseko chili chotsegula."

Uthengawo unapita. Anaima pa windo foni ili m'manja, akudikira chizindikiro chakuti wawerengedwa. Mthunzi wa nyumba ya kutsidya unawoloka msewu n'kufika pa khoma lawo. Chizindikirocho sichinabwere.